Mzere wa Kuseri kwa Kabati

"Kankhani kabatiyo, alamu, penti ikuuma," anatero mkulu wake wa malemu, osamuyang'ana n'komwe.

Telala anaigwira kabatiyo, koma sanaisunthe. Nyumbayi inali ya kuntchito kwa malemuyo, mkazi wake, ndipo maliro atangotha analamulidwa kuibweza makoma ali oyera. Khoma la pabalaza linali lodzaza masamu a choko. Mayiyo anali katswiri pa fakitale yoyenga mafuta a nthangala. Kumeneko safinya ayi, amalowetsa mpweya wopanikizidwa mpaka kukhala ngati madzi, n'kumatsuka mafuta m'nthangala zogaya. Ntchito yake inali yowerengetsera nthawi yozimitsa makina.

Pakhomapo panali mzere wosonyeza mafuta otuluka m'makina, wokwera mothamanga, kenako n'kugona. Pogonapo, m'mphepete mwa kabati, mayiyo anajambulapo mtanda wofiira.

"Amayi ankati oyamba kutuluka ndi mafuta a nthangala zosweka," anatero mwana wawo wamkazi, burashi ili m'manja. "Otsalawo amachita kudontha. Pamtandapo ndi pamene mabwana amati zimitsani, magetsi akupita pachabe."

"Kuzimitsa ndiye mumakutha m'nyumba muno," anatero mayi ake aakuluwo.

Mawuwo anamubaya telala. Kuchipatala, dokotala atanena kuti makina opumira akungozunza thupi, amene anavomera kuti azimitsidwe ndi iyeyo. Mlamu wake anali akadali m'basi, ndipo anapeza mng'ono wake ataphimbidwa kale kumaso.

"Alamu, ndinachita zomwe mwini wake akanafuna. Si uwu mtanda wake? Ankadziwa kuti chinthu chikatha chatha," anatero telala.

"Munamufunsa?"

"Ndikanamufunsa bwanji munthu wosayankhula?"

"Ndiye musamunamizire poti sangayankhe."

Kunena zoona, mtanda umenewu ndi umene unkamupatsa tulo telala chimwalirireni mkazi wake. Mtima utamuwawa, anaikankha kabati ija mwamphamvu mpaka mbale zinalira m'kati.

Mzere sunathere pamtanda. Unapitirira kuseri kwa kabati, timadontho tachoko tondondozana, kalikonse ndi kanambala kake, n'kukhota pakona mpaka pa felemu ya chitseko pamene khoma linathera. Pasimenti panali zokandika za miyendo ya kabati. Mayiyo ankaisuntha yekha, n'kuibwezera.

"Ndi za kamakina kawo koyesera," anatero mtsikanayo. "Mabwana akati zimitsani, iwo ankakasiya kakuyenda. Ankati bola kakudontha, m'katimo mukadali kanthu."

Mlamu uja, wa pakamwa pakuthwa, anapambana mlandu, koma anakhala pansi ngati woluza, nagwira kumaso. 

Telala analondola timadontho tija ndi chala, pang'onopang'ono, ngati akuyeza msoko, mpaka pa kotsiriza. Kanali pamwamba pang'ono kuposa kanzake. Mzerewo unali ukukwerabe.

"Bambo, ndipente?" anafunsa mwanayo.

"Penta, mwanangu," anatero telala.

Koma chala sanachichotsepo.