Manja a Mng'ono Wanga

Kwathu mlandu tinali titaweruza kale: mng'ono wanga anatengera bambo. Matenda a malemu bambo ankabwera ngati nyengo. Masabata angapo osagona, kupenta nyumba yonse, kulonjeza aneba galimoto. Kenako miyezi ali chigonere, osafuna ndi madzi osamba omwe. Ndiye mwanayu atayamba kuswa makapu ndi kulira, tinati basi, ndi zomwe zija.

Kuchipatala ndinkayankha ndine. Mkulu ali pomwepo, mwana ayankhulirenji? Ndinkafotokoza za bambo mwaluso, adokotala n'kulemba mankhwala omwe ankamwa bambo aja. Kukwiya sikunathe, koma manja ake anayamba kunjenjemera. Munthu wake ndi telala. Mwini shopu anamuuza kuti akakhotetsanso msoko pa diresi la kasitomala, makinawo apatsa wina.

Mwezi umenewo tinapeza dokotala watsopano, mayi wamfupi wamagalasi. Nditangoyamba nyimbo yanga ya bambo, anandipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndapuma. Ine kupuma! Ndinapsa mtima, koma ndinatseka pakamwa.

Anamufunsa mwini wakeyo kuti mkwiyo ukamabwera, chimakhala chitachitika n'chiyani.

"Munthu akapanda kuyankha foni," anatero mng'ono wanga. "Kapena achemwaliwa akachedwa. Ndimangoona kuti anditaya. Pofika masana zatha, kwatsala manyazi."

Nanga anakhalapo masabata osagona, akudzimva wamphamvu popanda chifukwa? Ayi, ngakhale kamodzi. Adokotala anatifotokozera kuti matenda a bambo, a baipola, amakwera ndi kutsika okha ndipo amakhalitsa. Vuto la mwanayu n'lina: lili m'mene amamvera za anthu, mantha oti asiyidwa, amene amayaka msanga n'kuzima tsiku lomwelo. Anati mankhwala achepetsa pang'onopang'ono, ndipo anamutumiza kwa mlangizi kuti azikaphunzira kuugwira mtima ukayamba kuthamanga.

Sizinali zophweka. Makapu ena awiri anapita ndithu.

Loweruka lina ndinalonjeza kukamutenga kushopu, koma basi inatifera panjira, foni nayo itazima. Ndinafika mochedwa kwambiri, mtima uli m'mwamba, ndikudziwa zimene kuchedwa kwanga kumabala. Ndinapeza chitseko chili chotsegula, diresi lobiriwira lili pa tebulo, msoko wake uli wowongoka bwino. Mwini shopu anali akulisita yekha, akuimba kanyimbo. Mng'ono wanga anali pa makina ake.

"Achemwali, mwachedwa," anatero. "Ndinakwiya, musaganize kuti ayi. Ndinalira pang'ono kuseriko. Kenako ndinadziuza kuti mubwera."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere mwini shopu momwe zinthu zakhalira, mwachizolowezi changa. Mng'ono wanga anakweza chala.

"Yambani mwapuma."

Ananyowetsa ulusi ndi malovu, n'kuulowetsa pasingano kamodzi kokha. Ndinakhala pa mpando wa makasitomala, ndikuseka ndi misozi yomwe, mpaka anamaliza mpendero.