Mwini Nyumba Palibe

Torab anagwera m'ngalande dzuwa litangoyamba kuwawa, chipolopolo chitamuboola ntchafu, ndipo kuyambira pamenepo pakamwa pake sipanatseke. Anali msilikali wa gulu la Kaputeni Zmarak, munthu woti ngakhale pamaliro ankapeza choseketsa.

"Sahib!" ankakuwa, kuitana kaputeniyo monga aitanira bwana kumeneko. "Ngati mukudikira kuti mphesa zipse, ndiuzeni ndigoneko kaye!"

Anzake anaseka kuseri kwa khoma la munda wamphesa, koma kunali kuseka kouma. Pakati pa khomalo ndi ngalande panali poyera, ndipo aliyense wosuzumira ankalonjeredwa ndi mfuti yachiwaya yomwe zigawenga zinatchera padenga la nyumba ya linga lalitali kutsidya. Amene anayesa kukamutenga Torab anabwerera chokwawa.

Mizinga inali chire. Lamulo linali loti usanawombe nyumba uyambe wachenjeza, choncho Zmarak anatenga chimkuzamawu n'kulengeza kuti aliyense wosagwira mfuti atuluke m'nyumbamo. Analengeza mpaka kukhosi kuuma. Chitseko chachitsulo cha lingalo chinangokhala chitsekere.

"Mulibe munthu mmenemo," anatero Sajeni Ghaus, mwana wa m'tauni ku Kabul. "Wamoyo angamve za mizinga n'kumakhalabe pamkeka? Lamulani, Sahib, magazi akumuthera mnzathuyo."

Zmarak anangomuyang'ana. Iye anabadwira m'nyumba ngati yomweyo, kuseri kwa mapiri omwewa a Kandahar, ndipo kukhala chete kwa chitsekocho ankakumva bwino. Amuna a m'midzi iyi amathawa nkhondo isanayambe, chifukwa mwamuna akaoneka boma limati ndi chigawenga, zigawenga zimati ndi kazitape. Otsala ndi amayi ndi ana. Ndipo mayi wa kuno satulukira amuna achilendo mwini nyumba asanalole, ngakhale denga litayaka moto. Amayi ake omubereka sakanatuluka.

"Nonse tembenukani," analamula. "Nkhope kumapiri."

"Tipatse mdani msana?" Ghaus anadabwa. "Mutu ukuyenda bwino, Sahib?"

"Ndati tembenukani."

Anatembenuka monyinyirika, atanjuta kuseri kwa khoma ngati ana olangidwa. Zmarak anakwezanso chimkuzamawu, nayenso atapenya kumbali.

"Amayi anga, alongo anga, ndine mwana wa kwanu konkuno. Tonse tafulatira, palibe diso lomwe likuoneni. Fundani nsalu zanu, tengani ana, mulowere kumunda wa makangaza. Ndikukupemphani m'dzina la Mulungu."

Mfuti ya padenga ija inaleka kulira, mwina nawonso ankafuna kumva yankho. Kenako panamveka mawu a mayi wachikulire, akuthwa, ochokera kuseri kwa chitseko.

"Mwini nyumba palibe! Mudzabwere iye akabwera!"

Anayankha ngati akubweza wogulitsa ziwiya. Zmarak anamva chisoni ndi ukali pamodzi. Mayiyo sankachita mwano. Ankachita zomwe anaphunzitsidwa ali kamtsikana, ndipo ankazichita bwino.

Wailesi inakokoma. Anali mkulu wa asilikali wa kulikulu, munthu yemwe nkhondo ankaionera pamapu, tiyi ali pambali.

"Zmarak, wachenjeza?"

"Ndachenjeza, Sahib. Muli amayi. Ndamva mawu."

"Mawu! Ukudziwa bwanji kuti sanamugwire mayi mmodzi kuti akupusitse? Anthu amenewo amabisala kuseri kwa nsalu za akazi chifukwa akudziwa kuti kuli anthu amtima wa phala ngati iwe. Wachenjeza, akana, mlandu suli pa iwe. Womba."

Zonsezo zinali zotheka, ndipo n'zomwe zinkamupweteka Zmarak. Mwina munali mayi mmodzi. Mwina munali apongozi, azipongozi awo ndi tiana todzaza chipinda. Za Torab zokha ndi zomwe sizinkafuna kulosera: anali pomwepo, anali ndi mkazi ku Ghazni, ndipo nthabwala zinali zitamuthera.

"Lala," anaitana Torab, osatinso Sahib, koma monga munthu aitanira mkulu wake wa bere limodzi. "Lala, ndikumva kuzizira."

"Sindiwomba," Zmarak anauza wailesi.

"Udzayankha mlandu."

"Ndidzayankha."

Ghaus analavula pansi. Asilikali anayesa kuponya bomba la utsi kuti wina athamangire kungalande, koma mphepo inaubweza, chiwaya chija n'kuyambiranso. Anamuponyera Torab chingwe, sichinafike. Anamukuwira kuti amange mwendo ndi lamba, iye anati wamanga, koma zala zikukana. Dzuwa litapendeka anasiya kuyankha.

Madzulo zigawenga zinatsika padenga n'kuzemba kudzera m'makangaza, monga zimachitira zikakhuta. Asilikali anakamutola Torab m'matope ofiira, n'kumugoneka pabulangete.

Zmarak anawoloka yekha poyera paja mpaka pachitseko. Sankafuna kuthokozedwa. Ankangofuna kudziwa kuti Torab wamusinthanitsa ndi anthu angati, kuti akadzaima pamaso pa bambo ake a mnyamatayo adzakhale ndi chonena. Anagogoda ndi mwala, maso ali pansi.

"Amayi, apita aja. Ife tikunyamuka. Ndingofunsako chimodzi: mulimo angati m'nyumbamo?"

Kunamveka kukhwekhwereza kwa nsapato, kenako mawu aja, pafupi kwambiri ndi chitsulo.

"Ndiwe mwana wa yani iwe, wopanda manyazi? Mwamuna wachilendo amawerenga akazi a mwini wake? Choka pakhomo pano."

Anachoka. Atafika kukhoma la mphesa anapeza asilikali atanyamula kale mtembo. Anatambasula dzanja kuti agwireko bulangete, koma ngodya zonse zinali ndi eni ake, ndipo panalibe yemwe anasendera.