Mwanabibi Pafupi ndi Chitseko

Che Yasini a ku Lungwena atatuluka m'chipatala kachiwiri, banja linaitana Macloud, mphunzitsi amene ankajambula zithunzi Loweruka. Palibe ananena, koma onse ankadziwa kuti chithunzichi chikhala chomaliza.

Pakhomopo aliyense anali ndi malo ake: bambo pampando kutsogolo, mkazi wamkulu mayi Ajira pambali pawo, ana ndi adzukulu pamkeka. Mwanabibi, mkazi wamng'ono, ankaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Pazithunzi zitatu zapakhoma ankangooneka nsalu yake, nkhope mbuu.

Macloud akuimika kamera, Mwanabibi anamubweretsera tiyi.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "makina anuwa saona munthu wakutali?"

"Amaona, mayi. Kungoti ojambulafe timakonda kumbuyo kusamaoneke."

"Zaka khumi ndi zisanu ndili pano. Chithunzi chooneka nkhope ndi amuna anga ndilibe."

Macloud anapotoza kabatani mpaka pa zilembo A-DEP. Pamenepo kamera imayeza yokha wapafupi ndi wakutali, n'kuchepetsa kabowo kolowera kuwala kuti onse aoneke bwino. Koma kabowo kakachepa, kamera imachedwa kuphethira, ndipo wosuntha amafufutika.

"Pasapezeke wogwedezeka," anatero.

Akudina, Che Yasini anakhosomola. Mwanabibi, monga mwa masiku onse, anatembenuka kukatunga madzi. Pachithunzipo ngakhale misomali yapachitseko inaoneka, koma iye anali mzere wobiriwira wa nsalu yake. Kachiwiri bamboyo anangokweza dzanja, iye n'kusunthanso, kapu ili m'manja.

Mayi Ajira anati awaonetse. Anayang'ana kagalasi kakumbuyo kwa kamera nthawi yaitali.

"Tikusunga jini pakhomo pano?" anafunsa, akuloza mzere wonga mzukwawo.

Ana anaseka. Mwanabibi anayang'ana pansi.

"Ndatopa," anatero Che Yasini. "Chimodzi basi, ndikagone."

Mayi Ajira anadzuka pang'onopang'ono, poti mawondo ankawavuta, n'kukalanda kapu ija.

"Madzi ndagwira ine. Inu anzanga imani pomwepo, akhosomole asakhosomole."

Anabwerera pamalo pawo, kapu pamiyendo. Macloud anadina. Chifuwa cha Che Yasini chinabwera mochedwa pang'ono, mayi Ajira n'kuwamwetsa.

Chithunzicho anachipachika patatha sabata, pambali pa zitatu zija. Dzanja la Che Yasini ndi lofufutika pang'ono, nkhope yawo ili bwinobwino. Kumbuyo kwawo Mwanabibi akuoneka mpaka kachipsera kapachibwano. Sakuyang'ana kamera. Maso ali pankhongo pa amuna ake.