Kabotolo ka M'khwapa

Basi itaima kachitatu pa Belgrave Road mumzinda wa Leicester, Maclean anayang'ana wotchi n'kufinyiranso mkono wamanzere pathupi. M'khwapa mwake munali kabotolo ka mbewu yake ya abambo. Namwino wa ku labu anali atamuchenjeza kuti mbewuyo ikazizidwa imafa, ndipo ifike kuchipatala ola lisanathe. Mphindi makumi awiri zinali zitapita kale, koma kutsogolo amisiri anali atatseka theka la msewu, akupachika magetsi a chikondwerero cha Ahindu cha Diwali.

"Bambo Maclean! Mpaka kundiyang'ana ngati sitidziwana?"

Anali Anti Christabel, namwino wopuma pantchito amene ankatsogolera amayi kumpingo wa Amalawi. Anakhala pampando wapafupi, chikwama chili pamiyendo. Moni wawo sunali wachidule. Unkayambira pa iwe, kudutsa pa akazi ako, mpaka kukafika ku mbuzi za kwanu ku Ntcheu, ndipo wamkulu sadulidwa mawu.

Maclean anali chiimire, dzanja lamanja litagwira chitsulo cha basi. Anangoweramitsa mutu.

"Moni wa mutu ngati gulo? England yakulowani eti," anatero Anti, akufufuza m'chikwama. "Mulungu ndiye watikumanitsa. Aka kachokera kumudzi dzulo, n'ka mkazi wanu Rozina. Azithira m'phala m'mawa uliwonse. Zaka zinayi m'banja popanda kanthu, ife amayi sitigona. Lamlungu tikamuikanso pakati timupempherere."

Anatambasula kathumba ka mizu. Chinthu chochokera kwa wamkulu munthu amalandira ndi manja awiri, ndipo Maclean analibe ngakhale limodzi.

Nkhaniyi inayambira kutali. Mu 2005, ku Blantyre, mkazi wake woyamba anatsala pang'ono kufa pobereka mwana wachiwiri, ndipo madokotala anati mimba ina idzamupha. Maclean anapita yekha kukatseketsa, osauza ngakhale amalume ake. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi mkaziyo anamwalira ndi matenda ena. Rozina, amene anakumana naye kuno pantchito yosamalira okalamba, anauzidwa zonse ukwati usanachitike. Komabe mafunso atayamba kumpingo, Rozina ankangomwetulira n'kunena kuti nthawi ya Mulungu sinakwane. Mizu ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kukaiunjika m'kabati. Sananenepo n'kamodzi komwe kuti vuto lili kwa mwamuna wake. Mu Julaye dokotala wina ku Nottingham analumikizanso timitsempha timene Maclean anatseketsa tija, koma anati pakapita zaka khumi ndi zitatu mwayi umachepa. Yankho linali m'kabotolomo.

"Mkono wathyoka kodi?" anafunsa Anti, kathumba kali m'malere.

Maclean anayang'ana mizuyo ndipo anachita manyazi aakulu, osati ndi kabotolo ayi, koma ndi zaka zinayi zimene anabisala kumbuyo kwa chitenje cha mkazi wake.

"Anti, mundikhululukire, sindilandira," anatero motsitsa mawu. "Rozina alibe vuto. Munda ndi wabwinobwino, wofesa ndiye analibe mbewu. Ndinatseketsa kalekale. Anandichita opaleshoni yotsegulanso, ndipo pano ndikupititsa sampulo kulabu. Ili m'khwapamu."

Anti anakhala kukamwa yasa. Kenako nkhope yakumpingo ija inachoka, kunabwera ya namwino wa zaka makumi atatu m'wodi.

"Mwaitenga nthawi yanji?"

"Hafu eyiti."

"Ndiye mwakwera basi? Inu abambo inu! Mukanakwera bulu bwenzi zili bwino. Dinani belu, titsike."

Atatsika, Anti anavula sikafu yawo n'kumukulunga nayo pachifuwa pamwamba pa jekete, ngati akubereka mwana. Kenako anaimbira foni mneba wawo Aboobaker, woyendetsa takisi amene anabadwira ku Limbe ndipo Chichewa sichinamuchoke pakamwa. Aboobaker anatulukira pakamsewu kam'mbali mphindi zisanu zisanathe.

"Kwagwanji, amayi? Wodwala ndani?"

"Odwala alipo ambirimbiri, koma ndi ang'onoang'ono," anayankha Anti. "Yatsani hita, musafunse zambiri."

Aboobaker anadutsa m'timisewu ta nyumba zogundana timene Maclean anali asanationepo, uku akudandaula kuti ku Leicester kulibe chambo. Kuchipatala Anti sanalowere khomo lalikulu. Anamukokera pakakhomo kakumbali, kukwera masitepe awiri, mpaka pawindo la labu. Mtsikana wapawindo analemba nthawi pakabotolo. Zinatsala mphindi zisanu ndi ziwiri.

Panja, Maclean anagwira dzanja la Anti ndi manja onse awiri.

"Tsopano ndiye mwakumbuka mwambo," anatero Anti.

"Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zikomo, Anti. Koma za Lamlungu zija..."

"Pakamwa panga mpotseka. Ndine nesi."

"Ayi, sindikupempha zimenezo. Ndikufuna musamuikenso pakati. Wofuna kufunsa azifunsa ine."

Kalata ya kuchipatala inabwera patatha masiku khumi. Maclean anaipeza pamphasa yapakhomo atabwera kushifiti, koma sanaitsegule mpaka Rozina atalowa. Anaiwerenga Rozina, chala chikuyenda pamzere uliwonse. Mbewu inalipo. Inali yochepa, koma yamoyo ndipo ikuyenda.

"Ochepa koma akhama, ngati mwini wake," anatero Rozina, akuseka misozi ili mbwembwembwe. "Koma tisavine msanga. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala."

"Kaya mwana abwera kaya sabwera, ine ndadala kale," anatero Maclean. "Unandisenzera manyazi anga zaka zinayi osatula. Ndilibe mawu okwanira, Rozina. Zikomo."

Loweruka masana belu la pakhomo linalira. Anali Anti Christabel, atavala chitenje pamwamba pa khoti la nyengo yozizira, m'manja muli nkhuku yathunthu, ija yolimba ngati yakumudzi, yochokera kubutchala ya ku Spinney Hill. Anakana mpando. Mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri anagwada pakapeti, maondo akulira, n'kupereka nkhukuyo kwa Rozina.

"Kwathu wolakwa amapepesa ndi nkhuku," anatero. "Ndinakuimika pakati pa anthu popanda mlandu, mwanawe. Ndinkayesa ndikuthandiza."

"Anti, dzukani, mukundichititsa manyazi!"

"Ndidzuka ukalandira. Ndipo mizu yonse ija undibwezere, ndikathire m'maluwa."

Rozina analandira ndi manja awiri.

Lamlungu, nthawi ya mapemphero itakwana, amayi angapo anatembenukira kwa Rozina monga mwa chizolowezi. Rozina sanasunthe pampando. Amene anaimirira, kukonza tayi n'kuyenda mpaka pakati anali Maclean.