Thamanda la Kuseri kwa Sukulu

Wilfredo Tapullima anaima kutsogolo kwa kalasi atagwira buku lomwe silinali lake. Iye ankaphunzitsa za chilengedwe pasukulu ya m'mbali mwa mtsinje wa Marañón, ndipo phunziro la mabuku linali la mkazi wake, Nelida. Koma madzi atangoyamba kuphwa, Nelida anakwera sitima ya pamadzi yopita ku mzinda wa Iquitos osabwereranso, ndipo ahedi anangomusenzetsa Wilfredo phunzirolo poti panalibe wina.

Bukulo linkasimba za Otilia, mkazi amene anasiya mwamuna wofatsa, wosamwa ndi wosamenya. Ana anali atagamula kale mlandu. Clider, mnyamata wolongolola wa kumbuyo, anati mkaziyo anangotopa ndi mtendere, ndipo anzake anavomereza uku akumuyang'ana mphunzitsi wawo mobera, pakuti za Nelida zinali pakamwa pa aliyense. Mumtima mwa Wilfredo munazizira bwino. Akanatha kutseka bukulo pomwepo, iye n'kutuluka wopanda mlandu.

Komabe sankadziwa kaphunzitsidwe kena kupatula kake. Anawatengera ku thamanda la kuseri kwa sukulu, lomwe mtsinje umalisiya ukamabwerera m'njira yake. Madzi ake anali obiriwira, osagwedezeka, ndipo tinsomba tinkayandama pamwamba kukamwa kuli yasa.

Anawauza kuti cholengedwa sungachidziwe utachigoneka patebulo. Uyenera kufunsa chomwe chimadya, chomwe chimachisaka, amene amabisala kwa icho, ndi madzi amene chikukhalamo. Anati munthu wa m'buku nayenso afunsidwe mafunso omwewo.

"Ndiye kuti Otilia ndi nsomba, aphunzitsi?" anafunsa Clider. "Basitu timuwotche, nthochi ndibweretsa ine."

Anzake anafa nazo. Kenaka anakhala m'timagulu pansi pa mitengo n'kumatembenuza masamba, Wilfredo ali payekha pachitsa. Sanaitanidwe ndi gulu lililonse.

Amene anaimika dzanja anali Yesenia, mtsikana wosayankhulayankhula.

"Ndafufuza buku lonse, aphunzitsi. Palibe pamene mwamunayu akumufunsa Otilia kanthu. Amabwera, amadya, amathokoza, amagona."

"Ndiye walakwa chiyani pamenepo?" anatero Clider.

"Sindinati walakwa, iwe. Madzi awanso sanalakwe. Angoima basi. Koma taona nsombazo."

Aliyense anayang'ana pathamandapo. Wilfredo anakumbukira Nelida akumuwerengera ndime za m'mabuku patebulo, nsomba ndi chinangwa zikuzizira, iye akungoti "eya, eya", maso ali pa mayeso a ana. Sanamukalipirepo mkazi wake ngakhale tsiku limodzi, ndipo ankanyadira zimenezo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iye miyezi yonseyi ankangodandaula za chitsekocho.

Yesenia ataona nkhope ya mphunzitsi wake anagwetsa maso.

"Ine ndimanena za m'buku, aphunzitsi."

"Ndikudziwa, mwanawe. Kazilembe momwe wazineneramo."

Ataweruka sanapite kunyumba. Anatsetserekera kudoko, komwe foni imagwira bwino, nadikira kuti onyamula nthochi amalize phokoso lawo. Nambala ya Nelida sinayankhidwe, choncho anaimbira mkulu wa mkazi wakeyo, Marleni, amene Nelida ankakhala naye. Marleni anamupatsa moni wouma, namuuza kuti mng'ono wakeyo watuluka, wapita kukwaya, ndipo foni amaisiya m'chikwama akamaimba.

"Kukwaya?" anatero Wilfredo. "Nelida amaimba?"



"Alamu," anatero Marleni, mawu atafewa, "zaka zonsezi?"

Anamufunsa ngati ali ndi uthenga woti akapereke. Wilfredo anangoti aimbanso foni mawa. Marleni anati chabwino, osalonjeza kanthu.

Wilfredo anakhala pathabwa la padokopo foni ili m'manja. Dzuwa linali likadali pamwamba. Tsidya lina mayi wina ankachapa zovala akuimba, koma mtsinjewo unali waukulu, moti Wilfredo ankangoona pakamwa pakutseguka, nyimbo osaimva.