Kachere wa Emily

Lughano anapisa chala mumphika wa maluwa, chala n'kumira chonse ngati wachiviika m'phala. Madzi anali atasefukira m'kambale ka pansi n'kuyenderera pa matailosi mpaka pa mwendo wa sofa. Anatola masamba amene anayoyoka usiku, nalunjika nawo kuchipinda kumene mwamuna wake Dalton ankalimbana ndi tayi pagalasi.

"Bambo a Cathy, kodi munawauza bambo anu?"

"Ndinawauza. Koma mukuwadziwa akuluakulu, mawu akalowa khutu ili amatulukira linali."

"Athiranso. Taonani masambawa. Mtengo ukufa uli chiimire, inu muli bize ndi tayi."

"Mtima pansi, amake Cathy. Mlendo ndi mame."

"Mame ake ndi omwe ndikukolopa m'mawa uliwonsewa?"

Dalton anaseka kaseko kake kothawira nkhani, natenga makiyi a galimoto. Kaseko kameneka Lughano ankadana nako kuposa kutukwanidwa.

Mtengo umene ankakanganirawo unali kachere wa m'nyumba, wa masamba obiriwira pakati, m'mbali oyera ngati adontheredwa mkaka. Mwini wake anali Emily, mkulu wake wa Lughano, amene anaulera m'kanyumba kake ku Area 4 mpaka pamene anamwalira. Maliro atatha, achibale ochokera ku Karonga anagawana firiji, mipando ndi zitenje. Lughano sanalimbirane kanthu ndi munthu. Anangonyamula mphikawo pamiyendo mpaka kwake ku Area 14, ndipo ankausamala monga mwini wake anamuphunzitsira: kupisa chala m'dothi, likakhala lonyowa osathira ngakhale dontho. Mtengo wotere ludzu umapirira, koma madzi akachuluka mizu imaola.

Zinthu zinasokonekera atabwera a Nebert, bambo ake a Dalton, kuchokera ku Nsaru kudzachiritsa bala la pamwendo kuchipatala. Iwowa analima fodya moyo wawo wonse, ndipo manja awo sankadziwa kungokhala. Koma mumpanda wa mwana wawo munalibe pogwetsa khasu, bwalo lonse linali njerwa zoyala. Atapeza kheni yakale m'galaja, anasandutsa kachere uja nazale ya fodya, kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo.

Lughano anayesa nzeru zonse. Anabisa kheni, iwo anatenga jagi ya patebulo. Akaweruka ankapendeketsa mphika kuti madzi achoke, kukacha n'kupezamo dambo. Chotsala chinali kuwauza, koma apongozi salangizidwa pamaso ndi mkazi wa mwana wawo. Moni ankawapatsa atagwada chapatali, mawu ena onse ankadzera mwa Dalton. Izi ndizo zinkamuwawa kwambiri. Mayi amene kuofesi kwake ku City Centre ankabweza malipoti a amuna andevu osaphethira n'komwe, m'nyumba yakeyake ankalephera kunena kuti musathire madzi.

Tsiku limenelo ntchito sinagwirike. Anakalipira makina osindikizira, anakalipira tiyi wozizira, mpaka anzake anayamba kuyenda monyang'ama akamadutsa pakhomo la ofesi yake. Madzulo Dalton anamudzera. Atangolowa pageti, analandiridwa ndi fungo la utsi.

A Nebert anali pakhonde, mwendo wa bandeji atausanjika pa kampando, nkhope ili mwee ngati munthu amene wamaliza kupalira munda wonse.

"Mwaswera bwanji, adadi?" anafunsa Dalton.

"Taswera ndi ntchito. Uwauze amake Cathy akamuone wodwala wawo uja. Lero ndiye ndamugwira bwino."

Lughano sanadikire kuuzidwa. Atafika pabalaza, chikwama chinamupulumuka m'manja. Mtengo unali utasadzidwa. Nthambi zonse za masamba amawanga zinali zitadulidwa mwaukhondo, ndi mpeni wa munthu wodziwa ntchito yake. Panangotsala kanthambi kamodzi cham'munsi, ka masamba obiriwira okhaokha, kopanda banga ndi limodzi lomwe. Pamwamba pa dothi timibulu toyera ta feteleza tinkasungunuka m'madzi.

Anathamangira kuseri kwa nyumba, kudzala lotayako zinyalala. Mwina pakanapezeka nthambi imodzi yoti n'kudzala mwatsopano. Anapeza phulusa likufuka utsi ndi tizitsotso takuda. Anafukula ndi manja, osamva kutentha, koma a Nebert sanali munthu wosiya ntchito panjira.

Atabwerera pakhonde sanagwade. Anaima njo pamaso pa apongozi ake, manja ali bii.

"Bambo, nthambi zanga mwatenthera chiyani?"

"Amake Cathy, pulizi, tiyeni tikakambirane m'nyumba," anatero Dalton, akumugwira pamkono.

"Inu ndisiyeni. Ndakambirana nanu mokwanira."

A Nebert anatsitsa mwendo pa kampando paja. Chimene chinawadzidzimutsa sichinali funsolo, koma kuona mkazi wa mwana wawo akuwayang'ana m'maso. Anayankha akuyang'ana kumbali.

"Mayi, mbewu ikayera masamba ndiye kuti yadwala. Fodya akatero timazula n'kutentha, kuopa kuti angapatsire mnzake. Ndinayesa madzi, osasintha. Lero ndakwera minibasi mpaka ku Old Town, ndi mwendo womwewu, kukagula yureya. Nthambi yamoyo ndaisiya, ndi yobiriwirayo."

"Sunadwale, bambo. Ndi mmene unabadwira, kuyerako ndiye ubwino wake. Mtengo umenewu ndi wa malemu mkulu wanga. Ndi chokhacho chimene ndinatsala nacho cha iye. Madzi anu akhala akuupha pang'onopang'ono, ndipo lero mwaumalizitsa."

Manyazi anali nawo, pakuti makolo ake sanamulere kuti azikweza mawu kwa apongozi, koma ukali unali utawaposa kutali.

Mkuluyo anatembenukira kwa mwana wake.

"Dalton, ine ndinakufunsa. Ndinati kodi mayiwa sadandaula ndikamagwira duwa lawoli? Unandiyankha chiyani?"

Dalton anayamba kusinthasintha makiyi m'manja.

"Ndikufunsa iwe."

"Ndinati akuthokoza."

"Unati akuthokoza, ndipo akuti ndipitirize. Za malemu sunatchule n'komwe."

"Adadi, munkangokhala ndwii tsiku lonse, mukuti mubwerera kumudzi bala lisanapole. Ndinaona kuti mtengowo ukukutangwanitsani, ndiye ndinati bola muzichita zomwezo. Ndimati ukafa ndigula wina. Amagulitsa m'mbali mwa msewu umu, ambirimbiri."

"Mugula wina," anatero Lughano motsitsa mawu. "Ndiye Emily winayo mukamugulanso m'mbali mwa msewu momwemo?"

Tsopano Lughano anamvetsa zonse. M'mawa uliwonse pamene iye ankakolopa madzi akuluma mano, mwamuna wake ankadziwa bwinobwino, ndipo ankangodikira kuti mtengo ufe nkhani ithe. Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwana iwe," anatero a Nebert. "Wandisandutsa chitsiru m'nyumba ya eni, ndi imvi zangazi." Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Mayi, ndalakwa. Amati safunsa anadya phula. Ine kufunsa ndinafunsa, kungoti ndinafunsa munthu wolakwika."

Lughano anamva kupepesako, koma mumtima munalibe malo okuika. Analowa m'nyumba, nakoka mphika uja yekha mpaka pakhonde. Dalton atawerama kuti athandize, anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kubwerera m'mbuyo. Atakhuthula, panatuluka fungo la chithaphwi. Mizu inali yakuda, yoterera, ikuduka yokha akangoikhudza. Pansi panalibenso choti n'kupulumutsa.

Anapempha mpeni wa apongozi ake, nadula kanthambi kobiriwira kaja. Anakagwira m'manja nthawi yaitali. Kumera kakanamera, pakuti kachere savuta. Koma nthambi imene yataya mawanga siwabwezanso. Kakanakula n'kukhala kachere wamba, wonga amene mbuzi zimausa pansi pake kumudzi kulikonse, ndipo iye akanamanama tsiku lililonse kuti ndi wa Emily.

Anakakulunga m'nyuzipepala yonyowa. Apa ndi pamene anagwada, nakapereka kwa a Nebert ndi manja awiri.

"Bambo, bala likapola mukadzale kwanu. Kumeneko mukathirire mmene mungafunire. Ndipo kuyambira lero, ndikakhala ndi mawu ndizikuuzani ndekha. Mundikhululukire ngati ndi mwano."

"Si mwano, mayi," anayankha mkuluyo, akulandira. "Nanenso ndizifunsa inu."

"Mawa ndidzera kwa ogulitsa maluwa," anayamba Dalton. "Ndikapeza wofanana ndendende, mwinanso wamkulu kuposa..."

"Mukabwera ndi mtengo m'nyumba muno, bambo a Cathy, mukaupeza kudzala."

Anatenga mphika uja kupita nawo pampopi, nautsuka mpaka matope onse atachoka. Ataupukuta, anaubwezera pabalaza uli wopanda kanthu, n'kuusunthira pang'ono kuti uyang'anizane ndi mpando umene Dalton amakhalapo akamaonera mpira.