Kawaya ka pa Sitata

Galimoto ya a Dalaivala inali isanalirepo ndi kiyi chimwalirireni mayi a kunyumba kwawo. Inkalira ndi mapewa athu. Ine ndine telala, ndipo khonde limene ndimasokerapo linapenyana ndi geti lawo, choncho chilichonse chochitika pabwalo pawo chinkandipeza ndili maso.

Ntchito yoyendetsa mabasi anapuma kalekale, koma dzina linawakanirira. M'mawa uliwonse ankatsegula geti, kukhala pa chiwongolero, n'kuimba hutala. Tikangomva tinkasiya zonse. Ine ndinkatuluka tepi ili m'khosi, kalipentala utuchi uli m'tsitsi, mayi wogulitsa makala manja ali bii, ndipo aliyense ankadziwa pogwira pake. Msewu wathu ndi wotsetsereka pang'ono. Tikakankha mpaka pa mtengo wa magetsi, a Dalaivala ankasiya kilatchi, galimoto n'kutsokomola, kenako n'kulira. Ulendo wake sunali wakutali ayi, kunali kumsika kukagula buledi n'kubwerako.

Koma tisanakankhe pankakhala sukulu kaye. Mkuluyu sankatha kuona chinthu chopindika osachilankhulira.

"A telala, mpope wanu ukudontha kuyambira dzana, ndikuumva ndili kwathu. Musamaumange ndi mphamvu, mukungoupha. Tsekani madzi ku mita, mumasule mutu, musinthe kamphira ka m'kati, basi."

Mayi wa makala ankauzidwa zopaka sopo chitseko chikayamba kukanirira nthawi ya mvula. Kalipentala, amene amalota zodzagula galimoto yake, ndiye ankamwa zambiri: osatsegula rediyeta injini ikadali yotentha, pokankha muziika giya yachiwiri chifukwa yoyamba imagwedeza mano, ndiponso mukatembenuza kiyi magetsi n'kuyaka koma injini ili zii, musathamangire kugula batire, yang'anani kaye kawaya kakang'ono ka pa sitata, kamatha kusolola. Tinkang'ung'udza kuti ntchito ikutidikira, koma palibe ankachoka.

Ine ndi kalipentala tinali pa chidani chifukwa cha ngalande. Utuchi wake unkatseka njira ya madzi, mvula ikagwa madziwo n'kubwerera pakhonde panga. Iye ankati chotseka ndi tizidutswa ta nsalu zanga, bodza lamkunkhuniza. Moni sitinkapatsana. A Dalaivala ankadziwa bwino zimenezi, ndiye tsiku lililonse ankati, "Inu awiri gwirani kumanzereko, ndi kumene kukulemera." Galimoto ilibe mbali yolemera, ngakhale mwana akudziwa. Koma tinkagwira limodzi, phewa kugunda phewa, ndipo ngalande ikatsekeka ankatiimirira mpaka titaifukula, kuyambira kumunsi kuti madzi apeze kothawira.

Tsiku lina hutala sinalire. Ndinasoka mkono wonse wa diresi khutu lili kunja, kenako mtima unakana. Nditafika pageti ndinapeza kalipentala wafika kale, akugogoda. Tinawapeza a Dalaivala ali pansi pafupi ndi bedi, thupi lili moto, akunjenjemera. Tinawanyamula n'kuwaika m'galimoto yomweyo, msewu wonse unakankha, kalipentala n'kuyendetsa monga anaphunzitsidwira. Anachira bwinobwino. Koma nkhani inafika kwa mwana wawo wamkazi, nesi amene amagwira ntchito mumzinda waukulu, ndipo anatenga tchuthi n'kubwera.

Nesiyu ndinamuona akukwawa, ndipo yunifolomu yake yoyamba ya sukulu ndinasoka ndine. Ndi mwana wabwino, wokonda bambo ake, koma ali ndi matenda amene anthu achangu onse ali nawo: akaona chinthu chofunika kukonza sagona nacho. M'mawa woyamba anaima pakhomo kuonerera ife tikukankha, nkhope itagwa ndi manyazi.

"Bambo, anthu awa ali ndi ntchito zawo. Mpaka liti muziwavutitsa chonchi?"

"Sadandaula," anatero a Dalaivala.

"Sangadandaule pamaso panu."

Tsiku lomwelo nesi anabwera ndi makaniko. Sitata yakale inachotsedwa, n'kuikamo yatsopano yonyezimira. Nesi anatembenuza kiyi, galimoto n'kulira nthawi yomweyo ngati yogula dzulo. Tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba nawo, mutu wanga uli kutali. A Dalaivala okha ndi amene anangoima, manja ali m'thumba, akuyang'ana sitata yakaleyo ili pansi.

M'mawa mwake anatuluka okha, n'kutikwezera dzanja podutsa. Analibe chifukwa choimbira hutala, ifenso tinalibe chifukwa chodzukira pa mipando. Munthu sungangopita pageti la mkulu wopanda chokufikitsa, ukaima pamenepo ngati wosochera. Patapita masiku anasiya n'kutuluka komwe, buledi ankakagula ndi nesi. Ndinkawaona atakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi galimoto, akungoyang'ana mpanda. Mvula inagwa, ngalande inatsekeka, ine ndi kalipentala tinatukwanizana msewu wonse ukumva, ndipo kuchokera kutsidya sikunamveke liwu ndi limodzi lomwe.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinawoloka msewu n'kukawauza kuti mpope wa kubafa wayambanso kudontha.

"Itanani pulambala, a telala," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinabwerera pamakina anga misozi ili m'maso. Munthu amene ankandilondola mpaka kukhitchini kukandionetsa momangira kamphira, lero akunditumiza kwa pulambala. Zinandipweteka kwambiri.

Nesi naye ankaona zomwezo, koma iye anawerenga mwina. Anabwera pakhonde panga n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Amayi, bambo ndikuwatenga Loweruka. Mwaona mmene afookera? Sakudya, sakulankhula. Nyumba yawoyo tiikamo anthu, iwo akakhala ndi ine."

"Kumtunda kuja, pa nyumba yosanja? Kopanda ngakhale pabwalo pokhala?"

"Kuli khonde laling'ono."

"Iwe mwanawe, bambo akowa sakudwala. Wawachiritsira galimoto, ndiye matenda ake amenewo."

Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira odwala okana jakisoni. "Ndiye bambo anga azikhala ndi galimoto yakufa kuti anthu aziwazonda? Akadzagwanso m'nyumba adzadziwa ndani?"

"Ulendo uja anadziwa ndani?"

"Unali mwayi chabe, amayi. Sindingasiye bambo anga m'manja mwa mwayi."

Sunali mwayi, koma ndikapsa mtima mawu amandithawa, ndiye ndinangopondereza makina mpaka singano inathyoka.

Lachisanu masana bambo ndi mwana anatuluka wapansi, kupita kumanda kukatsanzika mayi. Makatoni anali atamangidwa kale pakhonde. Ndinaima pang'ono ndikulimbana ndi mtima wanga, kenako ndinavula tepi m'khosi n'kulowera kwa kalipentala. Anali akupala thabwa.

"Mwaswera bwanji, a kalipentala?"

Anacheuka kumbuyo kuti aone amene ndikumupatsa moniyo. Atapeza kuti kulibe munthu, anaika pansi chopalira.

"Kwagwanji, a telala? Ngati ndi za ngalande, ine lero ndilibe mphamvu."

"Za ngalande tidzatukwanizana Lolemba. Kodi kawaya kaja ankanena a Dalaivala, ka pa sitata, mungakadziwe mutakaona?"

Anapukuta manja pa ovolosi yake n'kunditsatira.

Chitseko cha galimoto ija sichinakhomekepo chiyambire. Ine ndinakoka chotsegulira boneti n'kuima pageti kuyang'ana msewu ngati ndikuba nkhuku. Kalipentala analowetsa mkono wake wautali kuseri kwa injini, n'kufufuza, n'kutukwana pang'ono, kenako anati, "Kasolola." Mayi wa makala anationa bwinobwino ali pa malo ake. Anangotembenuza mpando n'kuyang'ana kwina.

Loweruka m'mawa katundu analowa m'galimoto: masutikesi, makatoni, wailesi, ndi chithunzi cha mayi chokulungidwa m'thaulo. Tonse tinali kunja, aliyense akunamizira kutanganidwa. A Dalaivala anatuluka atavala jekete, n'kutseka chitseko cha nyumba pang'onopang'ono. Anakhala pa chiwongolero, nesi pambali pawo. Anatembenuza kiyi. Timagetsi tinayaka, injini ili zii. Anatembenuzanso, chimodzimodzi.

"Sizingatheke," anatero nesi. "Sitata yatsopano imeneyi."

A Dalaivala anatsika n'kutsegula boneti. Apa ndiye ndinakumbukira chinthu chimodzi chimene ndinali nditaiwala: amene tinkafuna kumupusitsayo ndi yemwe anatiphunzitsa. Anawerama, ndipo sanafufuze n'komwe, maso anapita pomwepo. Kawaya kanali lende, ndipo pa chitsulo chapafupi panali utuchi umene unagwa m'tsitsi la kalipentala. Kukabwezeretsa inali ntchito ya zala ziwiri.

Anaweramabe kwa kanthawi. Kenako anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kalipentala, n'kuyang'ana ine. Anauzira utuchi uja, n'kutseka boneti.

"Yakana," anatero. "Ikufunika kukankha."

Analowetsa dzanja pawindo n'kuimba hutala. Sindinaonepo msewu wathu ukudzuka msanga chotero. Mayi wa makala anafika akuthamanga, ometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka, ngakhale agogo a pakona amene amadandaula msana chaka chonse anabwera kudzagwira ndi dzanja limodzi.

"Iwe nesi, tsika, ukulemeretsa galimoto. Ukagwire pakati. A telala ndi a kalipentala, kumanzere. Mayi, manja amenewo musagwire pagalasi. Ndipo ngalande iyo ndaiona, mwaisiya mpaka yamera udzu, simuchita manyazi?"

Liwu la a Dalaivala linali litabwerera, lija lomveka mpaka kumsika. Nesi anatsika atasokonezeka, n'kugwira pakati pa ine ndi mayi wa makala, nsapato zake zoyera zikuterereka m'matope. Tinakankha. Pa mtengo wa magetsi galimoto inatsokomola n'kulira, ndipo a Dalaivala anapitirira nayo kutsetsereka mpaka anakhota pakona, katundu yense ali momwemo. Anthu anaseka, ena akuwakuwiza kuti athawa.

Nesi anatsala ali chiimire pakati pa msewu, akupuma mwamphamvu. Anayang'ana anthu onse aja, kenako anayang'ana kalipentala, amene mkono wake wa ovolosi unali wakuda ndi girisi wa dzulo. Mwana uja si wopusa.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mwachita chiyani ndi galimoto ya bambo anga?"

"Kawaya kamodzi kokha. Kubwezeretsa sikutenga nthawi, ndipo bambo ako akaona ndi maso awo."

"Akaona?"

"Akaona, n'kutseka boneti."

Anakhala pa benchi yanga n'kuvula nsapato imodzi, akuchotsa matope ndi kamtengo, ndipo ndinaona kuti akulira. Ndinamusiya alire, chifukwa nanenso ndinali pafupi.

Galimoto inatulukira kumtunda itazungulira, n'kuima pageti injini ikulirabe. A Dalaivala anatsika atanyamula buledi. Anali atapita kumsika.

"Ndiye tizipita?" a Dalaivala anamufunsa mwana wawo, koma maso ali pansi.

Nesi anaimirira, nsapato imodzi ili m'manja. Anapita kumbuyo kwa galimoto, n'kutsegula, n'kutulutsa chithunzi chija cha m'thaulo. Anawapatsa bambo ake.

"Kabwezereni pakhoma, bambo. Msomali ukadalipo."

Kutsitsa katundu kunatenga nthawi yochepa kuposa kukweza, chifukwa manja anali ambiri. Nesi anapangitsa bambo ake kulonjeza kuti akadwala, kapena pakakhala ulendo wadzidzidzi, kawayako kazibwerera pamalo pake, ndipo anaumiriza kuti ationetse ine ndi kalipentala mobwezeretsera. A Dalaivala anatsegula boneti n'kuyamba sukulu, ndipo inatenga mpaka tiyi anazizira.

Madzulo ake nesi ananyamuka pa basi. Asanapite anadzera pakhonde panga, chikwama chili paphewa.

"Amayi, tsiku limene hutala sidzalira, mudzandiimbire foni nthawi yomweyo."

"Tidzayamba tathyola chitseko, iwe tidzakuimbira pambuyo."

Anaseka, n'kundikumbatira mpaka tepi inandikola pakhosi.

Lolemba m'mawa ine ndi kalipentala tinali m'ngalande, fosholo m'manja, tikukangana za utuchi ndi tizidutswa ta nsalu. Tinali tisanafike ndi pakati pomwe pamene hutala inalira kutsidya. Tinasiya mafosholo momwemo n'kupita kukagwira kumanzere.